Kompyuta yakaleyo musaitaye: mmene mungasankhire OS yaulere yoti iyende nayo bwino

Pali cholakwika chimodzi chomwe ndimachiona kawirikawiri ndipo chimandiwawa chifukwa chikutayitsa anthu makina abwinobwino. Munthu ali ndi laputopu yakale yoti ukaiyatsa umadikira mphindi zisanu isanatsegule chilichonse, wamva kuti kuli Linux yaulere komanso yopepuka, nde amangofunsa kuti yabwino kwambiri ndi iti, kenako amadawuniloda yomwe anthu aitchula kwambiri, kuiyika, mawa lake WiFi sikugwira, YouTube ikudukaduka, makina akuhang'a ngati kale lomwe, basi wagamula kuti za Linux ndi zabodza. Si zabodza ayi. Anangosankha asanaidziwe kompyuta yakeyo. OS, kutanthauza pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta yonse monga Windows kapena Linux, yoposa zonse kulibe, yomwe ilipo ndi yoyenerana ndi RAM yanu, purosesa yanu, ndi ntchito yomwe mukufuna makinawo azigwira.

Nkhaniyi yafika pothina chifukwa Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Windows 7 inasiyidwa kale mu Januwale 2020, XP mu 2014. Kusiyidwa kumeneku tanthauzo lake ndi loti pakapezeka mpata woti akuba a pa intaneti alowerepo, palibenso woutseka. Windows 11 nayo imafuna kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM yosachepera 4GB, malo a 64GB ndi purosesa yaposachedwa, zinthu zomwe makina a 2009 kapena 2012 ambiri alibe. Koma makinawo akadali amoyo, kiyibodi ikulemba, sikirini ikuwala. Tiyeni tiyambe.

Gawo 1: idziweni kompyutayo musanadawunilode kalikonse

Mukufunika zinthu zitatu basi: RAM ndi yochuluka bwanji, purosesa ndi ya 32-bit kapena 64-bit, komanso disiki ndi hadi yozungulira ija kapena SSD. Ngati Windows ikuyakabe, dinani batani la Windows limodzi ndi R, lembani msinfo32 ndikudina Enter, zambiri zionekera pomwepo. Zilembeni papepala.

Apa pali msampha. Makina ambiri anagulitsidwa ali ndi Windows ya 32-bit pomwe purosesa yake ndi ya 64-bit, ndiye musangoona mawu oti 32-bit nkutaya mtima. Pitani ku System mu Control Panel, muwerenge mzere wonse wa System type, ukati "x64-based processor" ndiye kuti muli bwino, mutha kuyika OS ya 64-bit. Core 2 Duo ndi ya 64-bit, ma Core i3, i5 ndi i7 onse ndi a 64-bit. Omwe ali a 32-bit enieni ndi monga Pentium M, Core Duo yopanda 2 ija, ndi Atom N270 yomwe inali mu timalaputopu ting'onoting'ono ta netbook ta 2008 ndi 2009. Kusiyana kumeneku ndikofunika kwambiri chifukwa ma distro ambiri, kutanthauza mitundu ya Linux, anasiya 32-bit, tizifotokoza kutsogoloku.

Muonenso ngati makinawo ali ndi thanzi, chifukwa palibe OS yomwe ingachize hadi yomwe ikufa. Pa Windows pali kapulogalamu kaulere ka CrystalDiskInfo, kakakuonetsani chenjezo lachikasu kapena lofiira dziwani kuti disikiyo ili m'njira. Fani ikamalira kwambiri ndipo pansi pa laputopu pakumatentha, muli fumbi, ndipo purosesa ikatentha imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse, nde mutha kumaimba mlandu Windows pomwe wolakwa ndi fumbi. China chomwe anthu amaiwala ndi kabatire kozungulira ka CR2032 ka pa motherboard. Kakatha, deti limabwerera m'mbuyo nthawi iliyonse mwazimitsa, ndipo deti likalakwika mawebusayiti amakana kutseguka ndi uthenga wa certificate.

Gawo 2: samutsani mafayilo anu

Zithunzi, ma document, nyimbo, mapasiwedi omwe anasungika mu bulawuza, zonse koperani pa fulashi ina kapena pa hadi yakunja. Mukatero tsegulani mafayilo angapo pa kompyuta ina kuti mutsimikize kuti akoperekadi. Kuyika OS yatsopano kumafufuta disiki, ndipo chofufutika chafufutika.

Gawo 3: kusankha, potengera RAM

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Choyamba mudziwe kuti Linux payokha ndi kernel chabe, mtima wa sisitimu, womwe Linus Torvalds anauyamba mu 1991. Zomwe timadawuniloda ndi ma distro, kutanthauza kernel ija ataiphatikiza ndi mapulogalamu komanso desktop, yomwe ndi mawindo ndi menyu zomwe mumaona pa sikirini. Ndipo chomwe chimapangitsa distro ina kulemera ina kupepuka kwenikweni ndi desktop imeneyo. GNOME ya mu Ubuntu wamba ndi yolemera pa makina akale. Xfce ndi LXQt ndi zapakati. IceWM, JWM ndi Fluxbox ndi zopepuka zedi chifukwa zimangojambula mawindo ndi menyu basi. Ambiri mwa ma distro omwe nditchule pano ndi ana kapena zidzukulu za Debian, yomwe inayamba mu 1993, ndiye mkati mwake ndi ofanana, malamulo a apt oikira mapulogalamu ndi omwewo, chosiyana ndi chovala.

Ngati muli ndi 4GB ndi purosesa ya 64-bit, ine sindizungulira, yambani ndi Linux Mint ya Xfce. Eni ake amati imafuna 2GB koma 4GB ndi yomwe imayenda mosavuta, ndi malo a 20GB. Menyu ili pansi kumanzere ngati Windows 7, LibreOffice ndi Firefox zimabwera zili momwemo, pali Driver Manager yothandiza pa ma driver ovuta, ndipo Mint 22 idzalandira ma update mpaka 2029. Kwa munthu amene sanagwirepo Linux, ubwino wake waukulu ndi woti ukakumana ndi vuto, ukalisaka pa intaneti umapeza kuti anthu ambiri anakumana nalo kale ndipo yankho lilipo. Xubuntu ndi m'bale wake wapafupi, koma Firefox ya banja la Ubuntu imabwera ngati snap, njira ya Ubuntu yopakira mapulogalamu, ndipo pa hadi yozungulira imachedwa kutseguka ulendo woyamba. Mint sigwiritsa snap pa Firefox, chimenechi chokha ndi chifukwa chokwanira kwa ine.

Pa 4GB pomwepo palinso ChromeOS Flex ya Google, inatuluka mu 2022. Imafuna purosesa ya Intel kapena AMD ya 64-bit, RAM ya 4GB ndi malo a 16GB. Imayaka msanga ndipo ndi yovuta kuiononga, yabwino kwa munthu amene ntchito yake yonse ili mu bulawuza, imelo, Google Docs, makanema. Koma muidziwe bwino: ndi yaulere pa ndalama, osati yomasuka ngati Linux, imadalira akaunti ya Google ndi intaneti, mapulogalamu a Android a pa Play Store sayendamo, ndipo poiyika imafufuta disiki yonse, siigawana ndi Windows. Google ili ndi mndandanda wa makina omwe inawayesa, onanipo kaye ngati anu alipo. Ngati intaneti yanu ndi yodukaduka, ine ndingati isiyeni.

Pa 2GB ndi pomwe pamafunika kuganiza mofatsa. Mint Xfce iyenda koma mukatsegula ma tab asanu muyamba kumva disiki ikukukuta. Lubuntu, yomwe imagwiritsa LXQt, ndi yopepukirapo, ngakhale ma LTS ake, mitundu yothandizidwa nthawi yaitali, amathandizidwa zaka zitatu zokha. MX Linux ndi ina yabwino, yochokera ku Debian, ili ndi MX Tools, timapulogalamu tokonzera zinthu ndi mawusi m'malo molemba malamulo, ndipo kupatula ya Xfce ilinso ndi ya Fluxbox yopepuka. Kapena Debian yeniyeniyo, posankha Xfce kapena LXQt poyika. Kale Debian inkavuta pa WiFi chifukwa ma firmware, timapulogalamu tomwe kadi ya WiFi imafuna kuti igwire, sankabwera limodzi, koma kuyambira Debian 12 ya 2023 amabwera mu installer momwemo. Debian sithamangira zatsopano, mapulogalamu ake amakhala akalekale pang'ono, koma pa makina akale zimenezo ndi zabwino, sizisinthasintha. Ine laputopu yanga ya Core 2 Duo ya 2GB inakhazikika pa Debian ndi Xfce, ndimalemberapo ndi kuwerengerapo tsiku lililonse.

Pa 1GB kapena kuchepera apo, antiX. Imeneyi inapangidwira makina okalamba dala, imagwiritsa IceWM, JWM kapena Fluxbox, ilibe systemd, pulogalamu yoyatsira sisitimu yomwe ma distro ambiri amagwiritsa, ndipo ikangoyaka imadya RAM yochepa moti mumadabwa. Maonekedwe ake ndi achikale ndipo zinthu zina zimafuna kuzolowera, sindikubisirani, koma ndi chifukwa chake imasiyira bulawuza malo. Q4OS ya desktop ya Trinity nayo ndi yopepuka ndipo imafanana kwambiri ndi XP, kwa munthu wachikulire amene anazolowera XP ndi yomwe ndingayambe kumuonetsa. Bodhi Linux ndi desktop yake ya Moksha ndi yopepukanso koma kaonekedwe kake ndi kachilendo, ena amaikonda ena ayi.

Puppy Linux, yomwe Barry Kauler anaiyamba mu 2003, ili ndi nzeru ina yake: imadzikopera yonse mu RAM poyaka nde imathamanga ngakhale hadi ili yofooka kapena kulibiretu, zosintha zanu imasunga mu fayilo imodzi pa fulashi. Ndi chida chabwino kwambiri chopulumutsira mafayilo pa kompyuta yomwe Windows yakana kuyaka. Kungoti mumakhala muli root nthawi zonse, kutanthauza kuti palibe chokuletsani kufufuta chinthu chofunika, ndiye sindingaipereke kwa mwana kapena kwa woyamba kumene ngati OS ya tsiku ndi tsiku. Tiny Core ndi yaing'ono koposa, ma MB ochepa chabe, koma imabwera yopanda kanthu, zonse mumamanga nokha.

Tsopano a 32-bit, mvetserani. Banja la Ubuntu linakusiyani, LTS yomaliza ya Lubuntu ndi Xubuntu ya 32-bit inali 18.04 ndipo inatha kale, musaiyike ngakhale muipeze. Mint wamba nayo kuyambira 20 ndi ya 64-bit yokha. Debian 12 ili ndi 32-bit ndipo LTS yake ikufika mu 2028, koma Debian 13 ya 2025 ilibenso installer ya 32-bit. Ndiye zina mwa zomwe zatsala ndi Debian 12 ndi ana ake monga antiX 23 ndi Q4OS ya 32-bit, kuphatikizapo ma Puppy ena. Google Chrome inasiya Linux ya 32-bit mu 2016, nde musataye nthawi kuisaka, gwiritsani Firefox ESR ya mu distro momwemo. Kunena zoona makina a 32-bit masiku awo pa intaneti akutha, koma polembera, kuwerenga ma PDF, kumvera nyimbo kapena kuphunzirira kutaipa ndi programming akadali ndi ntchito.

Mwina mwamvapo za ReactOS, yomwe cholinga chake ndi kuyendetsa mapulogalamu a Windows. Ikadali pa alpha, kutanthauza kuti sinathe kupangidwa, eni akenso sabisa, musaikepo mafayilo anu ofunika. Haiku, yotengera BeOS, imayaka mwachangu mochititsa chidwi ndipo ndimaikonda, koma ili pa beta ndipo ma driver ndi mapulogalamu ndi ochepa. FreeBSD ndi yolimba koma WiFi ya laputopu imatha kukuvutani. Izi ndi zoyesera mukakhala ndi makina achiwiri.

Sankhani ziwiri kapena zitatu, osati imodzi.

Gawo 4: konzani fulashi

Dawunilodani ma ISO, mafayilo omwe muli distro yonse, kuchokera pa webusayiti ya eni ake basi. Pambali pa fayiloyo pamakhala nambala yaitali ya SHA256, pa Windows tsegulani Command Prompt mulembe certutil -hashfile kenako dzina la fayilo kenako SHA256, nambala yotulukayo ifanane ndi ya pa webusayiti. Anthu amadumpha zimenezi koma fayilo ikaduka pakati podawuniloda, installer imadzafera pakatikati inu mutafufuta kale Windows.

Pezani fulashi ya 8GB kapena 16GB muikemo Ventoy, pulogalamu yokonza fulashi kuti kompyuta izitha kuyakirapo. Imafufuta fulashiyo kamodzi poyamba, kenako mumangokoperamo ma ISO ngati mafayilo wamba, atatu anayi, ndipo poyatsa imakupatsani menyu yosankha. Poyerekeza ma distro palibe njira yophweka kuposa iyi. Ikakana pa makina anu gwiritsani Rufus kapena balenaEtcher, ISO imodzi pa nthawi, ndipo mu Rufus sankhani MBR ngati kompyutayo ndi ya BIOS yakale yopanda UEFI (BIOS ndi pulogalamu ya pa motherboard yomwe imayamba kugwira OS isanayake, UEFI ndi mtundu wake watsopano). Makina akale kwambiri ena sadziwa kuyakira pa USB, amenewo wotchani ISO pa DVD.

Gawo 5: yesani musanayike

Lowetsani fulashi, yatsani, ndipo pompopompo muzidina batani la boot menu mobwerezabwereza. Pa Dell ndi Lenovo nthawi zambiri ndi F12, pa HP ndi F9 kapena Esc kaye, pa Asus ndi Esc kapena F8, pa Acer ndi F12 koma nthawi zina imafunika kuitsegula kaye mu BIOS podina F2. Fulashi ikapanda kuoneka, lowani mu BIOS muone Secure Boot ngati ilipo, muizimitse. Pa Pentium M mukaona uthenga wodandaula za PAE, kuonjezera mawu oti forcepae pa mzere wa boot kumathandiza pa ambiri.

Distro idzayaka yamoyo kuchokera pa fulashi osakhudza hadi yanu. Musangoyang'ana wallpaper nkunena kuti yakongola. Lumikizani WiFi. Imbani nyimbo mumve ngati masipika ndi mahedifoni zikutulutsa mawu. Yesani touchpad, mabatani owonjezera ndi kuchepetsa kuwala, kamera, pulinta ngati muli nayo. Tsekani chivundikiro cha laputopu muone ngati idzukanso mukatsegula, pamenepa ndi pomwe makina akale ambiri amalephera. Kenako tsegulani terminal, windo yolembamo malamulo, mulembe free -h musanatsegule china chilichonse, lembani papepala nambala ya pansi pa available, yomwe ndi RAM yotsala, tsegulani bulawuza ndi ma tab atatu a mawebusayiti omwe mumapitako zoona, lembaninso free -h. Chitani chimodzimodzi pa ma distro onse atatu. Papepalapo ndi pomwe pali yankho lanu, osati pa zomwe ine kapena wina aliyense wanena. Mungokumbukira kuti pa fulashi zinthu zimachedwerapo kutseguka kusiyana ndi mmene zidzakhalire mukayika, nde kuchedwa kotsegula musakuwerengere kwambiri, werengerani RAM ndi ma driver.

WiFi ikakana, kawirikawiri ndi kadi ya Broadcom. Lembani lspci mu terminal muone dzina lake. Sikuti zathera pomwepo, lumikizani foni ndi kebulo ya USB, tsegulani USB tethering, kompyuta ipeza intaneti popanda driver ina iliyonse, kenako mudawuniloda driver ya WiFi ija. Makadi akale a NVIDIA nawo amatha kuvuta chifukwa ma driver a kampaniyo a makadi akale sagwiranso ndi ma kernel atsopano, driver yomasuka ya nouveau imakwanira pa ntchito wamba. Sikirini ikada poyaka, sankhani compatibility mode kapena safe graphics pa menyu yoyamba ija.

Gawo 6: ikani

Laputopu ikhale pa chaja. Dinani Install, sankhani chilankhulo, kiyibodi ndi dera la nthawi. Ikafunsa za disiki, ngati mafayilo munasamutsa ndipo Windows yake ndi yosiyidwa kale, ine ndimati fufutani yonse, chifukwa pa hadi yaing'ono kugawa pawiri kumangopanikiza mbali zonse. Ngati pali pulogalamu imodzi ya Windows yomwe ntchito yanu imadalira ndipo Wine, yomwe imayendetsa mapulogalamu a Windows pa Linux, yalephera kuiyendetsa, pokhapo ndi pomwe kuyika pambali pa Windows kuli ndi phindu. Onetsetsani kuti mwasankha hadi osati fulashi, yang'anani kukula kwake. Pasiwedi yomwe muike ndi yomwe sudo, lamulo lokupatsani mphamvu zosintha sisitimu, izikufunsani, ndipo polemba mu terminal sionetsa nyenyezi, sikuti kiyibodi yafa.

Gawo 7: bulawuza, mdani weniweni wa RAM

Ikangoyaka koyamba lembani mu terminal sudo apt update kenako sudo apt upgrade, kapena gwiritsani Update Manager.

Tsopano chinthu chomwe ndikanakonda wina akanandiuza poyamba. OS yopepuka siichepetsa kulemera kwa intaneti. Facebook kapena YouTube ya lero imadya RAM yomweyo kaya muli pa antiX kaya pa Windows, chomwe distro yopepuka imachita ndi kusiyira bulawuza malo ambiri basi. Ndiye ntchito yeniyeni ili mu bulawuzamo. Ikani uBlock Origin mu Firefox, zotsatsa ndi ma script otsatira anthu ndi zomwe zimatopetsa purosesa yakale kuposa nkhani yomwe mukuwerengayo. Ma tab asapitirire atatu kapena anayi pa 2GB. Pa YouTube tsitsani kufika 480p kapena 360p, ndipo extension ya h264ify imakakamiza makanema kubwera mu H.264 m'malo mwa VP9 kapena AV1 zomwe purosesa yakale imavutika nazo. Zikavutabe, mpv pamodzi ndi yt-dlp imasewera linki ya kanemayo kunja kwa bulawuza ndipo kusiyana kwake kumaoneka ndi maso.

Pa banja la Debian ikaninso zram-tools polemba sudo apt install zram-tools. Imatenga gawo la RAM nkumapanikizamo zinthu m'malo mozitaya pa swap, malo a pa hadi ogwira ntchito RAM ikadzadza, yomwe ndi yochedwa kwambiri, pa makina a 1GB ndi 2GB imachepetsa kuhang'a kuja. LibreOffice ikalemera, AbiWord ndi Gnumeric zimalemba makalata ndi kuwerengera bwinobwino.

Ndipo ngati mungathe kugula chinthu chimodzi chokha, gulani SSD ya SATA ya mainchesi 2.5, ngakhale ya 120GB. Imalowa pamalo pomwe panali hadi yakale pa malaputopu ambiri a zaka za Core 2 Duo kupita mtsogolo, zomangira zake ndi zochepa, ndipo kuyaka kumachoka pa mphindi kufika pa masekondi. Makina a IDE akale kwambiri okha ndi omwe sailandira mwachindunji. Chachiwiri ndi RAM, onani kaye ngati yanu ndi DDR2 kapena DDR3 chifukwa sizilowana, komanso malire omwe motherboard imalola, lamulo la sudo dmidecode -t memory limaonetsa zimenezi pamodzi ndi ma slot omwe ali opanda kanthu. Mukakweza kuchoka pa 2GB kufika 4GB, bwererani ku gawo 3 chifukwa Mint Xfce ija tsopano yakukwanirani, ndipo fulashi ya Ventoy ija musaifufute, ingokoperanimo ISO yatsopano.